Ziwaya za ku Jeppe

Ndinazigula Lachiwiri, mphepo ya Juni ikuluma makutu,
m'kasitolo ka pinyolo kuseri kwa siteshoni ya Jeppe,
zili pakati pa gudumu la njinga ndi ayironi yopanda chingwe.
Malandi mazana atatu. Mwini sitolo
sanavutike n'kuzikulunga komwe.

Kuziomba koyamba zinandichititsa manyazi.
Phwaa! ngati chivundikiro cha poto chagwa pasimenti,
mawu okuwa, osadziwa polekera.
A Kamtedza, oimba kiyibodi kutchalitchi kwathu ku Rosettenville,
anatseka khutu ndi chala, nati:
"Mphwanga, izi n'zokazingira tchipisi."

Zenizenizo ndinaziona m'galasi ku Sandton.
Mtengo wake ndi lendi ya miyezi inayi
kuphatikiza fizi ya Tiyanjane kumudzi.
Ndinaziyang'ana mpaka mlonda anayamba kundiyang'ana.

Ndiye usiku, galaja itatsekedwa,
momwe masana ndimawongola zitseko za matakisi,
ndinagoneka chiwaya pachidutswa cha njanji
n'kutenga kahamala kamutu wobulungira.
Mkuwa wotchipa sufuna ukali.
Umachita kuunyengerera: go, go, go,
kuyambira pamchombo kutsikira m'mphepete,
kutembenuza, kupachika pachala, kumvetsera,
kuyambanso.

Choyambacho ndinachipsera mtima.
Chinang'aluka pamlomo, mng'alu wonga tsitsi,
ndipo ndinakhala pansi, m'mafuta a injini,
kuwerenga malandi amene ndapha.
Mdala Sitoe, wa ku Xai-Xai, wowotcherera zitsulo,
ndiye anandiuza m'mawa mwake, ndudu ili pakamwa:
mng'alu umautchinga kutsogolo.
Boola kabowo pomwe wathera, suyendanso.
Ndinaboola. Dzanja litazolowera ndinaboolanso asanu,
n'kuvekamo timisomali titatu, tolendewera,
toti tizinjenjemera chiwaya chikakhudzidwa.

Chachiwiri ndinachipala ndi sandipepala masiku asanu ndi anayi.
Fumbi lachikasu m'zikhadabo, m'mphuno, pamkate,
lachikasu ngati milu ya migodi tikamapita ku Soweto.
Chitapepuka ndinachikwirira kuseri kwa kachipinda kanga ku Turffontein,
poti ndinamva kuti nthaka imakalambitsa mawu.
Mayi Sithebe, eni nyumba, anandiona pawindo ndi fosholo.
Masabata atatu sanandiyankhe moni,
ankawaza mchere pakhomo.
Tsiku lofukula ndinawaitana adzaone okha.
Chinatuluka chakuda, cha mawanga obiriwira,
chonunkha mvula chikhalirecho mvula sinagwe.
Anaseka mpaka kugwira khoma.

Lamulungu, m'holo yathu yalendi,
pansi pake pogulitsira matayala,
amayi a ku Ntcheu ndi a ku Mzimba atayamba kolasi,
ndinadikira. Ndodo inanditerera ndi thukuta.
Kenaka ndinangokhudza.

Tsssss.

Sizinakuwe. Zinapuma.
Chobooledwacho chinalankhula msanga n'kukhala chete,
ngati munthu wodziwa kuti apolisi ali pakona.
Chokwiriridwacho chinatsalira pang'ono m'malere,
chosasa mawu, chakuya,
timisomali ta chinzake tikuwaza ngati mvula yoyamba pamalata.
A Kamtedza anacheuka. Sananene kanthu.
Anangotsitsa kiyibodi yawo pang'ono
kuti ine ndimveke.

Sindikunamizani, za ku Sandton zija sizinafike.
Mkuwa ndi mkuwa. Ukaomba mwamphamvu
poto uja amadzukabe pansi pake.
Mng'alu nawo ndauona dzulo, wadutsa kabowo,
ukulunjika kumchombo mosafulumira.
Mwina zifika Khirisimasi.

Ndimazinyamula m'thumba lakale la mpunga,
m'takisi ndimazikumbatira pachifuwa ngati mwana wodwala.
Tikagunda bampu pa Booysens zimalira zokha m'thumbamo,
anthu n'kucheuka kufuna kudziwa ndanyamula chiyani.
Chala changa chamanthu chidakali chakuda pomwe hamala inaphonya.
Loweruka ndibwerera ku Jeppe.
Paja panali chachitatu, chopindika mlomo,
pansi pa ayironi ija.